Bwanji mwana anali bwinobwino miyezi yoyamba? Ndithandizeni kumvetsa za hemoglobin ndi komwe inachokera

Bambo_a_Chiku, Mufakose

Moni nonse apagulu pano. Ndine wa ku Salima koma ndakhalitsa kuno ku Mufakose, ku Harare, ntchito yanga ndi yosoka. Pali nkhani yandisowetsa mtendere nde ndati ndibwere kwa inu ophunzira mundimasulire.

Mlongo wanga kumudzi ali ndi mwana wamwamuna, anabadwa wonenepa bwino, kuyamwa amayamwa, kusekerera, panalibe chodandaula. Atakwana miyezi 6 anayamba kutupa timanja ndi timapazi, ukangomukhudza zala kulira kosatonthozeka, mmaso mwayera mbee. Kumudzi anayamba kale kulozana zala, ena akuti tsempho ena akuti wina wamuchita chipongwe, nde mukudziwa ine ndi mwini mbumba foni zonse zikubwera kwa ine. Kuchipatala atamuyeza anapeza kuti ndi sikoselo. Alamu anga anafunsa kuti ngati ali matenda obadwa nawo bwanji sanaoneke pobadwa pomwe, adokotala anati nthawi imeneyo mwana anali adakali ndi magazi a mmimba ndipo amenewo sikoselo siwagwira.

Apa mpomwe ndasokonekera. Munthu amasintha magazi? Ine ndimadziwa kuti magazi ndi amodzi basi kuchokera pobadwa mpaka kumanda. Mwana wanga wamkazi ali Upper Six amapanga Biology, iye akuti chomwe chimasintha ndi hemoglobin, akuti tili ndi majini angapo opanga hemoglobin ndipo onse anachokera ku jini limodzi kalekale nthawi ya nsomba. Ndamufunsa zambiri koma akuti silabasi yawo sifika kumeneko.

Nde funso langa ndi ili. Majini amenewa alipo angati ndipo bwanji akhale ambiri pomwe ntchito ndi imodzi? Za nsombazi nzoona? Komanso chomwe chikundiwawa kwambiri, ngati magazi a mmimbawo anali abwino kwa mwanayu, thupi likuwasiyiranji nkutenga oipa?

NaBanda_wa_Lab, Waterfalls

Pepani kwambiri Bambo a Chiku, ndipo choyamba muwauze akumudzi asiye kulozana zala, palibe anamulodza mwanayu ndipo palibe tsempho. Kutupa manja ndi mapazi pa miyezi 6 ndi mmene sikoselo imayambira kuonekera mwa ana ambiri, ife a mulabu timaziona.

Mwana wanu wanena zoona. Hemoglobin ndi puloteni yomwe yadzadza mmaselo ofiira a magazi, selo limodzi lokha limakhala ndi pafupifupi 270 miliyoni, ndipo ndi imene imatenga mpweya wa okosijeni kumapapo nkukausiya mthupi monse. Iliyonse inapangidwa ndi matcheni anayi, awiri a mtundu wa alpha awiri a mtundu wa beta, ndipo tcheni lililonse lili ndi kachidutswa ka ayironi pakati pomwe mpweya umakakamira. Tcheni la alpha lili ndi ma amino acid, tizidutswa tomwe timalumikizana kupanga puloteni, okwana 141, la beta 146. Majini amakhala pa timaulusi ta DNA mmaselo totchedwa ma chromosome, a alpha ali pa chromosome 16, a beta ali pa chromosome 11.

Tsono pa chromosome 11 paja sipali jini limodzi, alipo asanu ogwira ntchito ondondozana, epsilon, gamma awiri, delta, kenako beta. Ndipo chomwe chimandisangalatsa ine mpaka lero nchoti amayaka motsatana mmene anandandalikiramo. Masabata oyambirira mimba itangoima limagwira ndi epsilon. Kenako limazima, gamma nkuyamba, nthawi imeneyo magazi akupangidwa mchiwindi cha mwana, nde alpha awiri ndi gamma awiri ndi imene timati HbF, magazi a mmimba omwe adokotala ananena aja. Mwana akamabadwa yochuluka imakhala imeneyi. Akabadwa gamma amayamba kuzilala pang'onopang'ono beta nkumakwera, pofika miyezi 6 beta watenga malo, ndipo munthu wamkulu HbF imatsala yosafika 1 pa 100.

Vuto la sikoselo lili mu beta mokha, pamalo a nambala 6 pomwe payenera kukhala glutamic acid pali valine, amino acid imodzi mwa 146. Kusintha kakang'ono kameneka kamapangitsa kuti hemoglobin ikatula mpweya izimatana nkupanga timitengo tolimba mkati mwa selo, selo nkupindika nkumatseka timisempha ting'onoting'ono, ululu uja ndi umenewo, komanso maselo otere amafa pa masiku 10 mpaka 20 mmalo mwa 120 nchifukwa chake mmaso munayera. Gamma alibe vuto limeneli. Nde mwana sanadwale mwadzidzidzi ayi, jini lovutalo analinalo kuyambira tsiku loyamba kungoti linali lisanapatsidwe ntchito. Analitenga kwa mayi ndi kwa bambo omwe, onse awiri ali nalo limodzi limodzi osadwala, ndipo mimba iliyonse mwayi woti mwana atenge onse awiri ndi 1 pa 4. Izi muzinene momveka kumudzi, mlongo wanu asasenzetsedwe yekha mlandu.

Za funso lokuwawani lija. HbF imagwira mpweya mwamphamvu kuposa ya mayi, ndipo ndi dala, chifukwa mwana mmimba sapuma, amachita kulanda mpweya kumagazi a mayi pa nsengwa. Kuti kulandako kutheke ya mayi iyenera kukhala yogwira mofooka kuposa ya mwana. Thupi silidziwa kuti beta wa mwana uyu ndi wovuta, limangotsata ndondomeko yakale. Koma gamma safufutika, amangokhala chete, ndipo pali anthu ena omwe mwachibadwa gamma wawo sazima kwenikweni, amakhala athanzi, ndipo akakhala ndi sikoselo imakhala yopepuka. Mankhwala a hydroxyurea amagwira ntchito pomwepa, amadzutsa gamma kuti HbF ichuluke. Asayansi anapezanso jini lomwe limazimitsa gamma, dzina lake BCL11A, ndipo kumapeto kwa 2023 ku Britain ndi ku America anavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy chomwe chimadula swichi imeneyi mmaselo a mmafupa kuti gamma ayakenso. Mtengo wake ndi woposa madola 2 miliyoni munthu mmodzi, zimandipweteka mtima chifukwa ana ambiri a sikoselo amabadwira ku Africa kuno. Koma hydroxyurea, penicillin, katemera, neti ndi kumwa madzi ambiri zimasunga ana, akafunse kukiliniki ya sikoselo asazengereze.

Za nsombazo ndiwasiyira aphunzitsi.

Aphunzitsi_Phiri, Highfield

Zikomo achemwali a NaBanda mwalambula njira. Bambo a Chiku pepani ndi matendawo. Ine ndimaphunzitsa Biology nde ndiyankhe mbali ya komwe majiniwa anachokera, mundipirire ndilemba zambiri chifukwa nkhani iyi ndimaikonda.

Yankho lalifupi ndi loti DNA ikamakopedwa nthawi zina imalakwitsa nkukopa jini limodzi kawiri, mwana nkubadwa ndi awiri ogundizana pomwe kholo linali ndi limodzi. Zikatero pamatseguka mwayi. Munthu wa khasu limodzi sangayerekeze kukalisulitsa kuti likhale nkhwangwa chifukwa mawa alima ndi chani, koma akakhala ndi awiri lina akhoza kupita nalo kwa osula. Jini limodzi limapitiriza ntchito yakale, linalo limasintha mibadwo ikamapita, mwina lipeza ntchito yatsopano mwina lingowonongeka. Mbiri yonse ya hemoglobin ndi imeneyi, kubwerezabwereza.

Banja la ma globin, mapuloteni a mtundu wa hemoglobin, ndi lakale kwambiri kuposa nyama za fupa la msana, ngakhale mabakiteriya ali nawo. Inu a ku Salima mukazula mtedza kapena soya muone timibulu tija ta kumizu, mukatiswa ndi chikhadabo mkati mumakhala mofiirira ngati nyama, umenewo ndi globin wa chomera, leghemoglobin, nayenso amagwira okosijeni. Mwa ife muli myoglobin yomwe imasunga mpweya mminofu, ija imapangitsa nyama ya ng'ombe kufiira, iyo ndi tcheni limodzi lokha la ma amino acid 153 koma kapindidwe kake ndi kofanana ndi alpha ndi beta. Izi anaziona Max Perutz ndi John Kendrew ku Cambridge atajambula mapuloteni awiriwa ndi X-ray, analandira Nobel mu 1962. Mzere wa myoglobin ndi wa hemoglobin unapatukana zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, nthawi yomwe makolo a nyama za msana DNA yawo yonse inachita kuwirikiza kawiri konse.

Kenako zaka pafupifupi 450 miliyoni zapitazo, mwa nsomba yomwe ndi kholo la nyama zonse za nsagwada, jini la hemoglobin linakopedwa nkukhala awiri, lina linadzakhala alpha lina beta. Apa mpomwe panabadwira matcheni anayi ogwirizana aja, oti limodzi likagwira mpweya enawo amatseguka nkugwira msanga, limodzi likatula enawo amatulanso. Ndicho chimapangitsa kuti magazi adzadze kumapapo nkukhuthula kwambiri kuminofu. Shaki, chambo, chule, ng'ona, nkhuku, mbuzi, inu ndi ine, tonse tili ndi alpha ndi beta. Nde inde za nsomba nzoona.

Umboni wina ndi woti mwa nsomba zambiri alpha ndi beta adakali pa chromosome imodzi moyandikana monga anabadwira. Chimodzimodzi mwa chule uja wophwatalala wa zikhadabo zakuda yemwe sachoka mmadzi, Xenopus, amapezeka mmadamu a kuno ku Zimbabwe ndi kwathu komwe, Alec Jeffreys ndi anzake anaonetsa zimenezi mu 1980. Koma mwa mbalame ndi nyama zoyamwitsa beta anapezeka kuti wasamukira ku chromosome ina, ndipo malo omwe anakafikirako anazunguliridwa ndi majini a kununkhiza, mwa nkhuku ndi mwa munthu chimodzimodzi.

Atafika kumeneko beta anapitiriza kuberekana. Mwa nyama zoyamwitsa zoyambirira anagawika kukhala wa kamwana kongoyamba kumene ndi wa nyama yaikulu, kuchokera mwa woyambayo munatuluka epsilon ndi gamma, mwa winayo delta ndi beta. Koma tamverani izi. Mwa changa, kanyama ka maso akulu kolira usiku mmitengo kaja, gamma alipo koma amagwira masabata oyambirira okha pamodzi ndi epsilon, changa alibe HbF ngati yathu. Ndi mwa makolo a apusi, anyani ndi anthu momwe gamma anakopedwa kukhala awiri nkusinthidwa nthawi yake kuti azigwira mimba yonse, ndipo anasintha amino acid ya pamalo 143, zomwe zinapangitsa kuti mankhwala ena a mselo otchedwa BPG asamamugwire bwino, nchifukwa chake amakakamira mpweya kwambiri monga achemwali anenera. Gamma athu awiri aja mpaka lero amasiyana amino acid imodzi yokha, chizindikiro choti kukopedwako si kwakale kwambiri.

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa nazo zili ndi hemoglobin ya mwana wa mmimba, koma yawo sinachokere kwa gamma, inachokera kwa beta wamkulu atakopedwa mwa makolo awo. Mbululu nazo zili ndi hemoglobin yakeyake yomwe imasintha zikamasanduka achule. Vuto limodzi, loti kamwana kapeze mpweya pamalo ovuta, mitundu yosiyana inalithetsa payokhapayokha ndi makope omwe inali nawo.

Agogo_Mbewe, Mabvuku

Ana anga ndawerenga zonse mwachifatse, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera pafoni. Mayi NaBanda mwatithandiza, ine pa zaka zanga ndaona mabanja akutha chifukwa cha ana odwaladwala otere, mkazi nkumanenedwa kuti sanasunge mwambo, mwina ena mwa iwo inali sikoselo yomweyi.

Koma aphunzitsi, ine ndine mkulu wa mpingo ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu ndiye anatilenga. Sindikukutsutsani mwamwano ayi, ndikufuna kumva. Zaka 450 miliyoni anaziwerenga ndani, analipo ndani? Ndipo kufanana kwa magazi athu ndi a chambo sikungakhale chifukwa choti wopanga ndi mmodzi? Mmisiri mmodzi ntchito zake zimafanana. Komanso ndikumva kuti jini la sikoseloli lilipo mwa anthu ambiri kwathu, ngati chilengedwe chimasankha zabwino zokha bwanji loipali silinathe?

Aphunzitsi_Phiri, Highfield

Zikomo agogo, mafunso anuwa ndi olemera ndipo ndiyankha mwaulemu. Inenso Lamulungu ndimakhala mtchalitchi, za amene analenga sindikukanganani nanu, ine ndikukamba za njira yomwe zinthu zinadzera, yomwe inasiya mapazi ake mmagazi mwathu.

Kuwerenga zaka kumayenda chonchi. Mukatenga tcheni la alpha la munthu nkuliyika pambali pa la chimpanzi, ma amino acid onse 141 ndi ofanana. La gorila limasiyana pamodzi. La hatchi limasiyana malo 18. La nsomba ya carp limasiyana pafupifupi theka. Emile Zuckerkandl ndi Linus Pauling anazindikira mu 1962 kuti kusiyanaku kumakula molingana ndi kutalika kwa nthawi yomwe nyamazo zinapatukirana malinga ndi mafupa okumbidwa mmiyala, ndipo zaka za miyalayo zimayezedwa mwa njira inanso yosakhudzana ndi magazi. Njira ziwiri zosiyana nkumapereka yankho loyandikana. Tsono alpha ndi beta wa munthu mmodzi yemweyo amafanana malo osafika theka, ndiye kuti anapatukana kale kuposa mmene ife tinapatukirana ndi carp, ndipo poti shaki nayo ili ndi onse awiri kupatukanako kunachitika shaki isanapatuke. Chiwerengerocho sichili ndendende mpaka chaka, ena amati 450 ena amakweza pang'ono, koma sichingakhale zaka masauzande.

Za mmisiri mmodzi, chomwe chimandigwira mtima ine si majini ogwira ntchito koma akufa. Pakati pa gamma ndi delta pa chromosome 11 pali jini lina looneka ngati beta koma losweka, silipanga tcheni lililonse. Chimpanzi ili nalo pamalo omwewo, gorila ili nalo, anyani ali nalo, losweka mwa onse, pomwe mwa mbuzi jini lomweli ndi lamoyo likugwira ntchito. Kufanana pa chinthu chothandiza mukhoza kunena kuti mpulani, koma kufanana pa chilema chimodzimodzi pamalo amodzimodzi kumaloza kwa kholo limodzi lomwe linasiyira ana ake onse.

Palinso nsomba zopanda nsagwada, lamprey ndi hagfish. Magazi ake ndi ofiira, zili ndi hemoglobin, nde kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti ndi hemoglobin yathu yomweyi ili yakale. Mu 2010 Federico Hoffmann, Juan Opazo ndi Jay Storz anaonetsa kuti ayi, yawo inachokera ku nthambi ina ya banjali, yoyandikana ndi cytoglobin yomwe mwa ife sinyamula mpweya mmagazi nkomwe. Ndiye kuti ntchito yonyamula mpweya inayambika kawiri mwa nyama za msana. Ndipo mu 2020 gulu la Joseph Thornton ku University of Chicago linawerengera mmene puloteni ya kholo la alpha ndi beta inalili, nkuipanga mulabu, nkupeza kuti inkagwirana awiriawiri, ndipo kusintha malo awiri okha kunakwanira kuti iyambe kugwirana anayi. Zinthu izi zimayesedwa ndi manja agogo, si zongoganiza.

Funso lanu lomaliza yankho lake ndi malungo. Munthu yemwe ali ndi jini la sikoselo limodzi lokha sadwala sikoselo, ndipo ali mwana amatetezeka kwambiri ku malungo aakulu aja akupha. Anthony Allison, yemwe anakulira ku Kenya, anasindikiza zimenezi mu 1954 ataona kuti jinili ndi lochuluka kugombe ndi kunyanja ya Victoria komwe kuli udzudzu, kumapiri nkukhala losowa. Nde kumalo ngati Salima, Nkhotakota, Karonga, ana a jini limodzi ankapulumuka ambiri nkulipereka kwa ana awo, mtengo wake nkumalipira ana omwe atenga awiri. Chilengedwe sichisankha zabwino zokha, chimasunga chomwe chapulumutsa ambiri pamalopo ngakhale chikupweteka ena. Ku West Africa kuli HbC, ku Southeast Asia kuli HbE, zonse ndi kusintha kwa beta yemweyu pothawa malungo.

NaBanda_wa_Lab, Waterfalls

Ndiwonjezere pang'ono pa zomwe aphunzitsi anena za kukopedwa, chifukwa wina angaganize kuti zinachitika kale basi zinatha. Ayi zikuchitikabe ndipo zotsatira zake zimabwera pa benchi yathu.

Munthu amakhala ndi majini a alpha anayi, awiri kwa mayi awiri kwa bambo, chifukwa alpha nayenso anakopedwa. Poti awiriwo ndi ofanana kwambiri ndipo agundizana, ma chromosome akamasinthana zidutswa popanga mbewu ya abambo kapena dzira la amayi nthawi zina amalumikizana mokhota, ina nkutuluka ndi alpha mmodzi ina ndi atatu. Ya mmodziyo ndi yofala kwambiri kwathu ku Malawi ndi mmaiko ozungulira, ndi imene timati alpha thalassaemia, ndipo nayonso imachepetsa malungo aakulu. Ine ndimaziona chonchi, mayi abwera ndi pepala la full blood count, hemoglobin yatsika pang'ono, maselo ndi ang'onoang'ono, akhala akumwa mapilitsi a ayironi miyezi ndi miyezi osasintha kanthu, kukayeza ayironi mthupi ali wokwanira bwino. Ambiri otere alibe matenda, anangobadwa ndi alpha awiri kapena atatu mmalo mwa anayi. Nde musamangogula ayironi kufamase chifukwa wina wakuuzani kuti magazi achepa, yezetsani kaye chomwe chawachepetsa.

Ku mbali ya beta zimachitikanso, pali ina yotchedwa Hb Kenya yomwe tcheni lake kumutu ndi gamma kumchira ndi beta, majini awiri anadukizana nkulumikizana kukhala limodzi.

Ndipo kwa ife tili kuno ku Harare ndinene izi. Mzinda uno uli pamwamba pafupifupi mamita 1,500, malungo si ambiri ngati ku Kariba kapena kuchigwa cha Zambezi, nde ena amaganiza kuti ana obadwira ku Mbare kapena ku Epworth za sikoselo siziwakhudza. Jini silidziwa kuti agogo anasamuka. Ngati makolo anachokera kunyanja kapena kuchigwa cha Shire likhoza kukhalapo mwakachetechete, ndipo ife timakonda kukwatirana tokhatokha mmipingo ndi mmagulu athu. Achinyamata yezetsani nonse awiri musanapange chinkhoswe, mufunse Hb electrophoresis, kuyeza komwe kumaonetsa mtundu wa hemoglobin womwe muli nawo. Mwana wanu wa Upper Six uja Bambo a Chiku nayenso ayezetse pamodzi ndi inu, poti mlongo wanu ali nalo inunso mwayi ndi theka kapena kuposa.

Kondwani_wa_Nsomba, Mbare

Ine sukulu sindinapite patali koma nkhaniyi yandikoka. Ndimagulitsa nsomba pa Mbare, ma bream ndi kapenta wa ku Kariba, ndinakulira ku Mangochi bambo anga anali asodzi. Aphunzitsi ndifunseko, nsomba ukaitumbula mumakhala kathumba koyera ka mpweya kaja pansi pa msana, ndipo zakuya monga zija ankakoka bambo anga ndi khoka lakuya zimatuluka mimba itafufuma nthawi zina matumbo atatulukira kukamwa. Mpweya umenewo umalowamo bwanji pansi pamadzi pomwe nsomba sifika pamwamba kudzapuma? Zikukhudzana ndi hemoglobin yomweyi? Komanso ng'ona, ku Shire tinkaiona ikumira nthawi yaitali zedi osavuuka pomwe imapuma ngati ife, magazi ake ndi otani?

Aphunzitsi_Phiri, Highfield

Achimwene a Kondwani mwaona chinthu chenicheni ndipo inde ndi hemoglobin. Chambo, bream ndi nsomba zambiri za mafupa hemoglobin yake ili ndi khalidwe lomwe yathu ilibe, magazi akangochita asidi pang'ono imataya mpweya wambiri nthawi imodzi ngakhale pamalo poti mpweya ndi wothinana kale, asayansi amati Root effect potengera dzina la R. W. Root yemwe anazilemba mu 1931. Pakhoma la kathumba kaja mukayang'anitsitsa pali kamalo kofiira kodzadza timisempha, kameneko kamathira asidi mmagazi, hemoglobin nkutula okosijeni, iye nkukankhidwira mkathumba. Nsomba imadzipopa yokha kuchokera mmagazi ake kuti isamire komanso isayandame. Mukaikoka msanga kuchokera pakuya, madzi omwe amaipanikiza achepa, mpweya uja umafutukuka, nchifukwa chake mimba imafufuma. Njira yomweyi imadyetsanso diso la nsomba mpweya, ndipo zikuoneka kuti inayambira kudiso kenako nkudzagwiritsidwa ntchito kukathumba. Nsomba zambiri zili ndi mitundu ingapo ya hemoglobin nthawi imodzi, ina ya Root ina yopanda, chifukwa makolo a nsomba zimenezi DNA yawo yonse inawirikizanso kachitatu.

Ng'ona yake ndi ina. Ikamira mpweya woipa umachuluka mmagazi nkusanduka bicarbonate, ndipo hemoglobin ya ng'ona imagwira bicarbonate ameneyu mwachindunji nkumasula okosijeni yemwe watsala, pafupifupi yense, pomwe yathu siimva bicarbonate mwa njira imeneyo. Kuphatikiza ndi mtima womwe umagunda pang'onopang'ono ikamira, ikhoza kukhala pansi ola lathunthu ili duu. Alpha ndi beta ndi omwewa, angosintha malo ochepa. Tsekwe wina wa ku Asia yemwe amawoloka mapiri a Himalaya naye anasintha pamalo 119 pa alpha kuti azigwira mpweya wochepa wa mmwamba.

Ndipo poti mumagwira nsomba tsiku ndi tsiku, mvetserani iyi. Kunyanja yozungulira Antarctica kuli banja la nsomba zotchedwa icefish zomwe magazi ake ndi oyera ngati madzi, zilibe hemoglobin ngakhale pang'ono, Johan Ruud wa ku Norway anazilemba mu 1954. Madzi akumeneko ndi ozizira pafupifupi madigiri 2 pansi pa ziro nde amasunga okosijeni wambiri, nsombazi zimangodalira wosungunuka mmadzi a magazi, zili ndi mtima waukulu, misempha yotakata ndi magazi ochuluka kangapo kuposa nsomba zina za msinkhu wake. Atayang'ana DNA yake anapeza kuti mwa zambiri jini la beta linachokeratu, la alpha kunatsala kachidutswa kosweka, ndiye kuti makolo ake anali ndi magazi ofiira nkuwataya. Madzi amenewo akamatentha nsomba zimenezi zili pa ngozi kuposa zinzake chifukwa zilibe pobwerera.

Ndikufuna ndidzagule ma bream angapo osatumbula Loweruka mmawa kuti ana a Form 6 adzaone kamalo kofiira kaja ndi maso awo, mundiuze ku inbox mbali yomwe mumakhala pamsikapo ndi nthawi yomwe katundu amafika.